Kodi Belu Lafulumira, Kapena Foni Yacedwa?

Pa senta ina ya parishi yathu, kufupi ndi Chipata, pali citsulo ca njanji copacikidwa pa mtengo wa mango. Ndilo belu la Akristu a kumeneko. Amene amaliliza ndi nkhalamba ina ya zaka zoposa 70, munthu wosadziwa kulemba, amene sanavalepo wochi pa mkono cibadwire. Kutsogolo kwa chalichi kuli mtanda wa mtengo, ndipo pansi pake pali mzere wa njerwa umene akatekisiti akale anayala kucokera kumpoto kunka kumwera. Cithunzithunzi ca mtanda cikagona pa mzere umenewo, agogo aja amatenga nyundo yao nakaliza citsulo, kuti a kumunda ndi a pamtondo aime pang'ono ndi kunena pemphero la Angelus la masana. Acita zimenezi zaka zambiri popanda wowadandaula.

Wodandaula anapezeka tsiku lina kumapeto kwa mwezi wa Okutobala, ife tili pomwepo kudzaphunzitsa ana a Ukaristia woyamba. Citsulo citalira, mnyamata wina wa m'kwaya anatulutsa foni m'thumba, naiyang'ana, nati pamaso pa anthu: "Agogo, mwafulumira. Pano ndi 11:33. Kwatsala mphindi 27 kuti 12 koloko ikwane." Agogo sanayang'ane foni ija. Analoza pansi nati: "Mdzukulu wanga, ona cithunzithunzi cako cili kuti. Calowa pansi pa mapazi. Dzuwa lili paliwombo, ndipo masana ndi amenewa." Ana anaseka. Ndipo ife, tiulule poyera, tinaima kumbali ya foni. Tinawauza mwaulemu kuti masiku ano nthawi imadziwika ndi wochi, ndi kuti cikanakhala bwino akanamafunsa acinyamata asanagwire nyundo. Anangoti, "Ndamva, aphunzitsi." Anaika nyundo pa tsinde la mango, napita kwao. Kwa masabata atatu citsulo cija sicinalire, pakuti amene anali ndi mafoni anali ndi zocita zina pa 12 koloko.

Ife amene tinaphunzira ku sukulu za misyoni tinakula ndi mantha a belu. Wocedwa ku mzere wa m'mawa anali kulawa mkwapulo, kapena kupatsidwa khasu kuti akalime kuseri kwa kalasi. Motero zinakhazikika m'mitu mwathu kuti wochi ndiyo imanena zoona, ndipo dzuwa ndi la anthu osaphunzira. Tinacita kutsegula buku la mapu ndi kuwerengera pa pepala kuti tizindikire kuti tsiku lija tinaweruza mlandu molakwa.

Nkhani yake ili motere. Dziko lapansi limatembenuka kamodzi pa maola 24, ndiye kuti madigiri 15 pa ola limodzi, kapena digiri imodzi pa mphindi zinai. Nthawi imene timatsata m'Zambia yense, yotsogola maola awiri pa nthawi ya ku Greenwich, inacokera pa mzere wa pa mapu wa madigiri 30 kum'mawa, umene umadutsa pafupi ndi Serenje. Chipata ili kum'mawa kwa mzerewo ndi madigiri oposa awiri ndi theka, cotero dzuwa limafika paliwombo kumeneko mphindi pafupifupi 11 wochi isanati 12. Ku Lusaka limacedwa ndi mphindi ngati 7. Ku Mongu limacedwa ndi mphindi ngati 27. Pakati pa Chipata ndi Mongu pali kusiyana kwa mphindi pafupifupi 38, koma tonse timamvera nkhani za pa wailesi nthawi imodzi, ndipo palibe amene amaona cacilendo.

Pamwamba pa izi, dzuwa lenilenilo siliyenda mofanana caka conse. Njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa si yobulungira bwino, ndiponso dzikolo ndi lopendekeka. Cifukwa ca ici masana a dzuwa amafulumira ndi mphindi 16 kumayambiriro kwa Novembala, ndipo amacedwa ndi mphindi 14 pakati pa Febuluwale. Phatikizani mphindi 11 za malo ndi mphindi 16 za nyengo, mupeza 27. Mnyamata uja anawerenga foni yake molondola, nayenso gogo uja anawerenga thambo molondola, mpaka pa mphindi yeniyeni. Ngakhale za cithunzithunzi sananame, pakuti kumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa pamutu penipeni pa dera la Chipata.

Popeza wochi singathe kumathamanga mwezi uno ndi kumazengereza mwezi wamawa, akatswiri a zakuthambo anatenga masiku onse a caka, aatali ndi aafupi, nawalinganiza kuti akhale ofanana. Tinganene kuti anapanga dzuwa la m'mabuku, loyenda ndi mwendo umodzi caka conse. Iyi ndiyo nthawi ya dzuwa yolinganiza, ndipo kale mzinda uliwonse wa ku Ulaya unali ndi yakeyake, monga mwa malo ake pa mapu. Cimene cinathetsa mwambo umenewu ndi sitima ya pamtunda, pakuti sitima siingayende bwino ngati siteshoni iliyonse ili ndi 12 koloko yake. Ku Britain nthawi ya ku Greenwich inakhala ya lamulo m'caka ca 1880, ndipo mu 1884 maiko 25 anakumana ku Washington nagwirizana kuti kuwerenga kwa mizere ya pa mapu kuziyambira pa Greenwich.

Koma si onse anataya nthawi ya kwao. Mzinda wa Oxford uli kumadzulo kwa Greenwich ndi digiri imodzi ndi kagawo, ndiye kuti mphindi zisanu. Kufikira lero belu lalikulu la pa koleji ya Christ Church, lochedwa Great Tom, limalira ka 101 usiku uliwonse pa 21:05, cifukwa pa nthawi ya dzuwa ya ku Oxford imeneyo ndiyo 21:00. Mapemphero a m'chalichi cacikulu ca Anglican ca pamalopo amayambanso patapita mphindi zisanu pa nthawi ya dziko. Ku Bristol, pa nyumba yakale ya msika ya mu Corn Street, pali wochi yokhala ndi mivi iwiri ya mphindi: wina woonetsa nthawi ya ku London, wina woonetsa ya ku Bristol, imene ili m'mbuyo ndi mphindi 10. Boma silinawalamule kutero, ndipo silinawaletse. Ndi anthu a pamalo amene anafuna kukumbukira pamene dzuwa lao lili. Nafenso tili ndi anansi otere. Amene munaolokapo malire pa Nakonde mukudziwa kuti m'Ciswahili maola amawerengedwa kuyambira m'mawa, kotero kuti 7 koloko yathu kwa iwo ndi ola loyamba. Ndimo m'mene amawerengera maola alembi a Mthenga Wabwino akamanena za ola lacitatu, lacisanu ndi cimodzi ndi lacisanu ndi cinai.

Tsono mkangano wa pa senta yathu uja uliponso pakati pa anthu ophunzira kwambiri a dziko lapansi, ngakhale kuti iwo amakangana pa sekondi imodzi. M'caka ca 1955 katswiri wina wa ku England, Louis Essen, anapanga wochi yoyendera kunjenjemera kwa tinthu tosaoneka ndi maso ta m'citsulo cochedwa caesium. Mu 1967 maiko anagwirizana kuti sekondi ndi nthawi imene kunjenjemerako kumacitika ka 9,192,631,770. Kuyambira pamenepo sekondi inaleka kudalira kuyenda kwa dziko. Mawochi amenewa ndi olondola kwambiri mwakuti anaonetsa poyera kuti dziko lenilenilo silisunga nthawi bwino. Mwezi ukamakoka madzi a m'nyanja zamcere, madziwo amagwira dziko ngati buleki, ndipo tsiku limatalika ndi magawo pafupifupi awiri mwa magawo 1,000 a sekondi pa zaka 100 zilizonse. Mphepo, madzi oundana ndi zoyenda za m'kati mwa dziko zimasinthanso liwiro lake caka ndi caka.

Pofuna kuti wochi yatsopano isasiyane ndi dzuwa la m'mabuku lija, mu 1972 anakhazikitsa lamulo lakuti kusiyanako kusafike pa sekondi yathunthu. Kukayandikira, bungwe loyang'anira kutembenuka kwa dziko, limene ofesi yake yoona za nkhaniyi ili ku Paris, limalengeza kuti pa tsiku lakuti mphindi yomaliza idzakhala ndi masekondi 61. Wochi imaima kaye kudikira dziko. Zimenezi zacitika ka 27. Komaliza kunali pa 31 Disembala 2016 pakati pa usiku ku Greenwich, pamene kuno kwathu inali itatsala pang'ono kukwana 2 koloko ya m'bandakuca wa Caka Catsopano ca 2017. Ambiri a ife tinali m'tulo, ena anali asanabwere ku madyerero, ndipo palibe amene anamva kuti wapatsidwa sekondi yaulere.

Amene anamva ndi makompyuta. Makina a mabanki, a ndege, a mafoni ndi a intaneti anapangidwa podziwa kuti mphindi ili ndi masekondi 60, ndipo ena amasokonezeka akakumana ndi ya 61. Pa sekondi yoonjezera ya pa 30 Juni 2012, makompyuta ambiri anaima, ndipo ku Australia ndege zina zinacedwa kunyamuka cifukwa makina olembera apaulendo analeka kugwira nchito. Vuto lina ndi lakuti sekondi imeneyi siidziwika kale ngati 29 Febuluwale. Imalengezedwa kutatsala miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndipo kuyambira ca m'ma 2020 dziko layamba kutembenuka mofulumirako, mwakuti akatswiri ayamba kukamba zocotsa sekondi m'malo moonjezera, cinthu cimene sicinayesedwepo. Motero mu Novembala 2022, pa msonkhano waukulu wa maiko woona za miyezo ku Versailles m'dziko la France, anagwirizana kuti pofika caka ca 2035 mwambo wa sekondi yoonjezera ulekeke, ndipo wochi iloledwe kutalikirana ndi dzuwa koposa m'mene imaloledwera tsopano. Dziko la Russia linafuna kuti acedwetseko, pakuti makina ake a m'mlengalenga olondolera njira amatsata nthawi yokhala ndi masekondi amenewa. Funso lakuti kusiyanako kudzafike pati asanakonze, msonkhanowo unalisiyira misonkhano ya mtsogolo.

Wina angafunse kuti nkhani yotere ikufunanji m'magazini ya mabanja acikatolika. Yankho ndi lakuti Eklezia anasenzapo kale katundu ameneyu, ndipo anamulemera. Kalendala yakale ya Julius Caesar inali yotalika ndi mphindi 11 zokha pa caka. Ndani akanadandaula ndi mphindi 11? Koma pang'ono pang'ono ndi mtolo: pa zaka 128 zilizonse zinali kukwana tsiku lathunthu. Pasaka amawerengedwa potsata mwezi wathunthu ndi tsiku la mu Malichi pamene usana ndi usiku zimalingana, limene Eklezia analiika pa 21 Malichi. Pofika zaka za m'ma 1500 tsikulo linali litatsetsereka kufika ca pa 11 Malichi, ndipo cikondwerero cacikulu ca Akristu cinali kucoka pa nyengo yake. Papa Gregory XIII, mothandizidwa ndi akatswiri monga wansembe wa Cijezuiti Christopher Clavius, analamula kuti Lacinai pa 4 Okutobala 1582 litsatidwe ndi Lacisanu pa 15 Okutobala. Masiku khumi anafafanizidwa. Teresa Woyera wa ku Avila anamwalira usiku womwewo wa pa 4, ndipo tsiku lomukumbukira ndi 15 Okutobala, limene linali m'mawa mwake. Maiko ena anakana kwa nthawi yaitali cifukwa lamulo linacokera kwa Papa. Britain inalandira kalendalayi mu 1752, itatsalira ndi masiku 11.

Pofuna kuyesa ngati kalendala yatsopano ikuyenda ndi thambo, anasandutsa machalichi ena kukhala zoyezera dzuwa. M'chalichi ca San Petronio ku Bologna, katswiri Giovanni Domenico Cassini anayala mu 1655 mzere wotalika mamita pafupifupi 67 pansi, naboola kabowo ku denga, kuti kuwala kwa dzuwa kuzigwa pa mzerewo masana enieni. Ku Roma, Papa Clement XI analamula mzere wotere m'chalichi ca Santa Maria degli Angeli, umene unatha mu 1702. Titawerenga izi tinacita manyazi, pakuti mzere wa njerwa wa pa senta yathu ndi mng'ono wake wa mizere imeneyi, ndipo ife tinauyesa cinthu ca umbuli. Komanso Eklezia yemweyo anadziwa kufunika kwa kuyambira pamodzi. Mabelu a machalichi a mu Roma anali kulira masana lililonse pa nthawi yake, mpaka Papa Pius IX analamula mu 1847 kuti mzinga uziombedwa pa 12 koloko kuti onse azitsata. Mzingawo umaombedwabe masiku ano pa phiri la Gianicolo. Ndipo pa mkangano wa sekondi yoonjezera, mmodzi mwa amene alembapo ndi Bambo Paul Gabor, Mjezuiti wa pa malo oyang'anira nyenyezi a Vatican, amene wakumbutsa akatswiri anzake kuti kuyambira kale anthu akhala akumanga nthawi yao ku zakuthambo, ndi kuti kumasula mfundo imeneyi kumakhudza mitima ngakhale pamene masamu akuti palibe coopsa.

Maganizo athu ndi awa. Sitilira maliro a sekondi yoonjezera. Masekondi 27 pa zaka 44 ndiye kuti mphindi imodzi pa zaka pafupifupi 100, ndipo dziko limene limakhala mwamtendere ndi mphindi 38 pakati pa Chipata ndi Mongu silingadwale ndi mphindi imodzi. Amene amasamala ndege ndi ndalama za anthu ali ndi cifukwa comveka. Cimene cikutidetsa nkhawa ndi ngongole imene ikusiyidwira zidzukulu popanda kunena tsiku lobweza, pakuti mphindi 11 za Caesar nazonso zinali zazing'ono. Ndipo coposa apo ndi ici cimene tinaciona mwa ife eni: munthu angaime pa dzuwa la Okutobala, thukuta lili kamukamu, cithunzithunzi cili pansi pa mapazi, nakana kuti si masana cifukwa kagalasi ka m'dzanja sikanavomere.

Pano tiyenera kucenjezana, cifukwa tikudziwa kuti ena amwetulira kale poganiza kuti aphunzitsi avomereza zofika ku Misa pa nthawi ya ulaliki. Ai ndithu. Anthu a ku Oxford sacedwa. Amafika pa mphindi yeniyeni ya nthawi imene onse anapangana ndipo onse akuidziwa. Agogo athu aja sanaphonyepo mzere wao wa njerwa. Makolo athu akapangana kuti ulendo ndi wa tambala woyamba, wodzuka dzuwa litatuluka anali kupeza anzake ataoloka kale dambo. Cizolowezi cathu coitana msonkhano wa mphakati pa 14 koloko ndi kuuyamba pa 16 koloko sicicokera ku dzuwa kapena ku wochi. Cimangolanga amai amene anasiya mphika pamoto kuti afike msanga, ndi wansembe amene ali ndi masenta atatu oti awafike tsiku limodzi pa mseu wa matope. Liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi.

Pali usiku umodzi pa caka pamene Eklezia amatiuza mosabisa kuti tiyang'ane kumwamba tisanayang'ane pa mkono. Malamulo a Mcezo wa Pasaka, amene kalata ya ku Roma ya mu 1988 inawabwereza mwamphamvu, amafuna kuti mwambo wonse ucitike usiku: usayambe mdima usanagwe, ndipo uthe kusanace. Sanachule ola, cifukwa ola silingakhale limodzi ponseponse. Kumayambiriro kwa Epulo dzuwa limalowa ku Chipata 18 koloko isanakwane, pamene ku Mongu limakhala likali kuoneka mpaka ca m'ma 18:25. Parishi imene ingangokopera nthawi ya parishi ya kutali ingapezeke ikudalitsa moto watsopano nkhuku zikali kusakasaka pabwalo, ndipo kandulo ya Pasaka ingalowe m'chalichi mowala kale. Tikudziwa zifukwa zimene zimatikakamiza kufulumira: mitunda, akuba, ana aang'ono, kusowa kwa galimoto. Ndi zifukwa zenizeni, ndipo makomiti a liturjiya azikambirane ndi Bambo Mfumu. Koma pokambiranapo atume munthu mmodzi kuti aime panja madzulo a sabata lotsogolera, aone pamene mdima ukugwa pa malo ao, alembe nthawiyo.

Tibwerere ku mtengo wa mango. Patapita masabata atatu aja tinapita kunyumba kwa agogo pamodzi ndi wakumpando wa senta ndi mnyamata wa m'kwaya uja. Tinakhala pa mphasa, tinapepesa, ndipo tinafotokoza za madigiri ndi mphindi monga tafotokozera pano. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati: "Zonsezo ndi zanu, aphunzitsi. Ine ndimangoona pa njerwa." Komiti inagamula kuti mapemphero a pa Sondo ndi misonkhano yonse zizitsata wochi, pakuti zimakhudza alendo ndi ansembe ocokera kutali, koma belu la Angelus la masana likhale la dzuwa monga kale. Panatsala funso la nyengo ya dzinja, pamene mitambo imaphimba kumwamba masiku angapo ndipo mtanda sukhala ndi cithunzithunzi. Kale agogo anali kungoyerekeza. Tsopano tinalemba pa citseko ca sakristiya kuti tsiku la mitambo belu lizilira pa 11:49, amene ndiwo masana a dzuwa lolinganiza pa dera la Chipata, ndipo mnyamata uja anapatsidwa udindo wokawauza nthawiyo ikakwana.

Pakati pa Febuluwale tinapitakonso. Kunaca bwino tsiku limenelo, mvula itagwa usiku. Citsulo citalira, mnyamata anayang'ana foni napeza 12:03. Anathamangira ku mango akuseka, nati: "Agogo, lero ndiye mwakhoza!" Iwo anapacika nyundo pa nthambi, napukuta manja pa malaya, nati: "Iai, mdzukulu wanga. Kauze foni yakoyo kuti lero yayesako."